Mpeni wa damascus ukadutsa m'manja mwa anthu awiri

Mpeni wa damascus umadziwika munthu asanaugwire n'komwe. Pachitsulo chake pamayenda mizere yakuda ndi yowala, ina yokhotakhota, ina yozungulira, ndipo palibe mipeni iwiri imene mizere yake imafanana ndendende. Alenje a ku America ndi ku Ulaya amene amasaka agwape amalipira ndalama zambiri kuti akhale nawo, ngakhale ntchito yake ndi yomwe ija ya mpeni uliwonse wa kutchire: kutumbula nyama, kusenda chikopa, kudula m'mfundo. Nthawi zambiri mpeni wotere sutuluka m'manja mwa munthu mmodzi. Wina amasula chitsulocho, wina amachipala mpaka chioneke ngati mpeni, wina amachilimbitsa pamoto, mwinanso wachinayi n'kusoka chimake chachikopa. Pakati pa amisiri a mipeni pamakhala kukoka-koka pa nkhaniyi. Ena amati kugawana ntchito kumakometsa mpeni chifukwa aliyense amachita chimene amachidziwa bwino. Ena amati kumangochulukitsa malo amene zinthu zingalakwikire, ndipo mpeni ukathyoka aliyense amaloza mnzake.

Ine ndili kumbali ya ogawana, koma pali chinthu chimodzi chimene sindingachilekerere. Chitsulo chikamachoka kwa wosula kupita kwa wolimbitsa chiyenera kupita ndi mbiri yake yonse, chifukwa zimene zimapha mpeni sizioneka ndi maso, pomwe zimene zimaugulitsa ndi zooneka zokhazokha.

Pali zitsulo ziwiri zosiyana kwambiri zimene zimatchulidwa ndi dzina limodzili. Chakale ndi wootz, chimene anthu a kumwera kwa India ndi ku Sri Lanka ankachisungunula m'timiphika tadothi totseka pakamwa, n'kutulutsa timibulu tachitsulo timene amalonda ankapita nato ku Persia ndi maiko oyandikana nawo kuti tikasulidwe malupanga. Mizere ya wootz imamera yokha m'kati mwa chitsulo chimodzi chokhala ndi kaboni wochuluka, pafupifupi 1.5 peresenti. Luso limeneli linazilala m'zaka za m'ma 1800. Chachiwiri ndi cholumikiza: zitsulo za mitundu iwiri kapena kuposerapo zimasanjikizidwa, kutenthedwa ndi kumenyedwa mpaka zigwirane n'kukhala chimodzi. Lupanga limene linafukulidwa ku Sutton Hoo ku England mu 1939 linapangidwa motero, chimodzimodzinso mipeni ya kris ya ku Java ndi mipope ya mfuti imene inkasulidwa ku Liège ndi ku Birmingham m'zaka za m'ma 1800. Mipeni ya alenje imene ikugulitsidwa masiku ano pafupifupi yonse ndi ya mtundu wachiwiriwu.

Amene anaudzutsanso pakati pa opanga mipeni a ku America ndi Bill Moran wa ku Maryland. Mu 1973 anapita ndi mipeni ya damascus ku chionetsero cha Knifemakers' Guild ku Kansas City, pa nthawi imene amisiri ambiri anali atasiya kusula n'kumangodula mipeni pa chitsulo chogula kufakitale. Moran sanabise njira yake. Mu 1976 iye ndi Bill Bagwell, Don Hastings ndi B. R. Hughes anayambitsa bungwe la American Bladesmith Society, ndipo mu 1988 bungweli linatsegula sukulu ya osula mipeni m'tauni yaing'ono ya Washington ku Arkansas. Osula damascus ambiri a lero, ngakhale a kunja kwa America, luso lawo limakafika kumeneko mukalilondola.

Ntchito ya wosula imayamba moto usanakolezedwe, posankha zitsulo. Ziwiri zimene zimakondedwa kwambiri ndi 1084 ndi 15N20. Choyambacho ndi chitsulo wamba cha kaboni, cha pafupifupi 0.84 peresenti. Chachiwiricho kampani ya Uddeholm ya ku Sweden imachipangira macheka aakulu ochekera matabwa. Kaboni wake ndi pafupifupi 0.75 peresenti, koma chili ndi nickel wokwana 2 peresenti. Nickel ameneyo ndiye mwini mizere yowala ija, chifukwa mankhwala odya chitsulo samugwira msanga. Koma chifukwa chachikulu chokwatitsira ziwirizi n'chakuti zimalimba pa kutentha kofanana ndiponso m'mafuta amodzimodzi. Wosula amene wasankha zitsulo pongoyang'ana kukongola, wina akufuna moto wambiri wina wochepa, wamuikira kale msampha mnzake amene adzalimbitse mpeniwo.

Tizidutswa tazitsulozo timapalidwa kuti pasakhale dzimbiri kapena mafuta, timasanjikizidwa mosinthanasinthana, kenako timawotchereredwa m'makona kuti tisabalalike. Mtolowo umalowa pamoto wa gasi kapena wa makala mpaka ufike madigiri apakati pa 1,200 ndi 1,300, pamene umawala mwachikasu. Ambiri amawazapo ufa wa borax, umene umasungunuka n'kuteteza chitsulo ku mpweya ndi kutulutsa zinyalala za pakati pa zigawo. Kumenya koyamba kumakhala kofatsa. Munthu wosazolowera amaganiza kuti apa m'pofunika mphamvu, koma nyundo yolemera msanga imangotsetsereka zigawo zisanagwirane. Zikagwirana, mtolo uja amautambasula, amaudula, amapalanso n'kusanjikizanso. Mukayamba ndi zigawo 20 n'kudula panayi zimakhala 80, mukabwereza zimakhala 320, ndipo penapake pamenepa m'pamene mizere imaoneka bwino pa mpeni waung'ono. Zikachuluka kufika m'masauzande mizere imawonda mpaka diso silingailekanitse.

Maonekedwe a mizere amabwera chifukwa chosokoneza dala zigawo zogona bwinobwinozo. Wosula akasema timigula topingasa n'kumenya chitsulo kuti chiphwatalale, pamatuluka mizere imene amaitcha ya makwerero. Akaboola timaenje tosazama pamatuluka timizere tozungulira ta madontho a mvula. Akachipota chidakali chofiira pamatuluka tinyenyezi pakatikati. Apa ndi pamene mgwirizano umayamba kufunika msanga kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mizere ya chitsulo chopota imasintha malinga ndi kuzama kwa pamene mwapala. Wopala akapanda kudziwa kuti wosula anakonza zoti tinyenyezi tidzaonekere pakati, akhoza kusiya ntchito asanatifike kapena kutipyola.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti damascus ndi yabwino chifukwa ili ndi zigawo zolimba ndi zofewa, zolimba zodula ndi zofewa zoteteza kuti usathyoke. Pa 1084 ndi 15N20 zimenezi si zoona. Pa kutentha kolumikizira kuja kaboni amayenda kuchoka m'chigawo china kulowa m'china, ndipo zigawo zikawonda sipatenga nthawi kuti kaboni afalikire mofanana mu chitsulo chonse. Nickel ndiye sayenda msanga, n'chifukwa chake mizere imatsala. Mpeni wa zitsulo ziwirizi wolimbitsidwa bwino umalimba mofanana paliponse, ndipo umadula monga momwe mpeni wa 1084 yekha ungadulire. Kunena mosabisa, damascus yosulidwa bwino imalingana ndi zitsulo zimene zinalowamo, pomwe yosulidwa mosasamala imachepera pamenepo, chifukwa malo alionse olumikizira ndi mpata woti mukhale litsiro kapena mng'alu wobisika. Amene amaikamo timapepala ta nickel weniweni kuti mizere iwale kwambiri amapeza vuto lina: nickel salimba, ndipo akafika kumbali yakuthwa amasiya timalo tofewa. Ambiri amathana nazo poika chitsulo chimodzi chabwino pakati kuti chikhale chodula, damascus n'kukhala m'mbali mokha, njira imene Ajapani amaitcha san mai.

Tsopano chitsulo chafika posinthira manja, ndipo chili m'mavuto amene sichionetsa. Chitsulo chimapangidwa ndi timibulu ting'onoting'ono togundana, ndipo chikakhala nthawi yaitali pa moto waukulu timibuluto timakula. Mtolo wa damascus umakhala utalowa pamoto wa madigiri opitirira 1,200 kambirimbiri. Mukathyola kachidutswa kake mutakalimbitsa, pothyokapo pamaoneka ngati mchere wa miyala, pomwe chitsulo chokonzedwa bwino pothyoka pake pamakhala posalala, potuwa, popanda timibulu tooneka. Mpeni wa timibulu tatikulu ukhoza kuthwa bwinobwino tsiku loyamba, koma ukagunda fupa umabenthuka. Mankhwala ake ndi kuchitenthanso pa moto wocheperako, cha m'ma madigiri 870, n'kuchisiya chizizire pamphepo, kenako kubwereza kawiri kapena katatu uku akutsitsa moto pang'onopang'ono. Ulendo uliwonse timibulu timabadwanso tating'ono. Ntchito imeneyi ndi yosavuta, koma ndi imene imagwera pakati anthu akagawana: wosula amaganiza kuti wolimbitsa adzaichita, wolimbitsa amaganiza kuti wosula anaichita kale. Palinso khungu lapamwamba la chitsulo, limene kaboni wake amakhala atapsa ndi moto wosulira. Likapanda kupalidwa mokwanira, mpeni umaoneka ngati wakana kulimba pomwe m'kati walimba.

Kulimbitsa kwenikweni kumatenga mphindi zochepa. Mpeni, umene mbali yake yakuthwa yasiyidwa yokhuthala pafupifupi milimita imodzi kuti isang'aluke kapena kukhota, umatenthedwa mpaka madigiri apakati pa 800 ndi 815. Pa kutentha kumeneko kaumbidwe ka m'kati mwa chitsulo kamasintha n'kukhala kamene akatswiri amakatcha austenite, ndipo kaboni amasungunukiramo. Ukaviikidwa mwachangu m'mafuta kaboniyo amasowa nthawi yotuluka, amapanikizika momwemo, ndipo pamabadwa martensite, yemwe ndi wolimba zedi komanso wosachedwa kusweka. Mukachedwa pang'ono pakati pa moto ndi mafuta, kapena mafutawo akakhala olemera ozizitsa mochedwa, 1084 amabwerera kukhala wofewa. Madzi amazizitsa msanga kuposa mafuta, koma pa mpeni wopyapyala wa zigawo mazana atatu amatha kuung'amba. Osula nkhwangwa ndi zikwanje m'misika yathu, amene amagwiritsa ntchito masipuling'i a galimoto zakutha, nzeru imeneyi amaidziwa ndi maso, poyang'ana kufiira kwa chitsulo. Osula mipeni ambiri opanda uvuni yamagetsi amachitanso chimodzimodzi, n'kuwonjezapo maginito, chifukwa chitsulo chimasiya kukokedwa ndi maginito pa madigiri pafupifupi 770 ndipo kutentha koyenera kuli pamwamba pake pang'ono. Njira ya maso imagwira ntchito, koma kufiira kumene mumakuona masana si kumene mumakuona madzulo, ndipo nsonga yopyapyala imapsa thupi la mpeni lisanafike. Pa mpeni umene wadya masiku ambiri a wosula, ine ndimaona kuti uvuni yoyeza kutentha ndi yoyenera, ndipo ichi chokha ndi chifukwa chokwanira chopitira kwa mnzako amene ali nayo.

Mpeni wongotuluka m'mafuta sungagwire ntchito. Ukagwa pansi utha kusweka. Umayenera kulowa mu uvuni ya madigiri pafupifupi 200 kwa maola awiri, kuzizira, n'kulowanso kachiwiri. Izi zimachotsako kulimba pang'ono n'kuupatsa mphamvu yopirira. Kulimbako amakuyeza ndi makina a Rockwell, amene amakanikiza kansonga ka dayamondi pachitsulo n'kuona kuti kalowa mozama bwanji, ndipo mpeni wa mlenje wa zitsulo izi umafunidwa pakati pa 59 ndi 61. Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, wopala womaliza akhoza kuwononga ntchito yonse m'kamphindi: akakanikiza kwambiri pa galayinda mbali yakuthwa imatentha, ndipo pakaoneka kamtundu ka buluu ndiye kuti pamenepo pafewa kale. Pomalizira mpeni umaviikidwa mu ferric chloride wosungunula m'madzi, 1084 amada, 15N20 amatsala wowala, ndipo mizere imaonekera kwathunthu koyamba. Ngati panali polumikizira pamene sipanagwire bwino, nthawi zambiri pamaonekeranso apa kapena m'mafuta muja, ntchito yonse itatha kale.

Ndiye n'chiyani chiyenera kudutsa limodzi ndi chitsulo? Maina a zitsulo zonse zimene zili m'katimo, kuphatikizapo ngati muli nickel weniweni. Ngati timibulu tachepetsedwa kale, ndiponso pa moto wanji. Mbali imene mizere inakonzedwa kuti ionekere. Koposa zonse, kachidutswa kotsala ka mtolo womwewo, kuti wolimbitsa ayambe wayesera pamenepo, akathyole, aone pothyoka pake ndi kukayeza pa makina asanaike mpeni weniweniwo pamoto. Kachidutswa kameneka n'kosadula, koma ndi kokhako kamene kangathetse mkangano usanayambe, chifukwa kamanena zoona za ntchito ya wosula pa nthawi imene zinthu zikhoza kukonzedwabe.

Kugawana ntchito chotere si kwachilendo m'mbiri ya mipeni. Ku Sheffield ku England wosula, wonola ndi woika zigwiriro anali amisiri osiyana, aliyense ndi kanyumba kake kogwirira ntchito. Ku Sakai ku Japan mpaka lero mpeni wa kukhitchini umadutsa kwa wosula, kwa wonola ndi kwa wopanga chigwiriro. Ku America Paul Bos, amene ankayang'anira zolimbitsa zitsulo ku kampani ya Buck Knives, analimbitsiranso mipeni amisiri odziimira paokha ambirimbiri kwa zaka makumi angapo, mpaka dzina lake linakhala chinthu chimene ogula ankachifunsa. Bob Loveless, amene anatchukitsa mpeni wa mlenje wa nsonga yowerama pang'ono kuti usaboole matumbo potumbula, anagwirapo ntchito ndi Steve Johnson kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mipeni ya nthawi imeneyo ili ndi maina a onse awiri. Ku Belfast m'chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, Kevin ndi Heather Harvey, mwamuna ndi mkazi wake, onse ndi akatswiri ovomerezedwa ndi American Bladesmith Society ndipo amasula ndi kuphunzitsa pa chipala chimodzi. Palinso amene amapanga chitsulo cha damascus n'kumagulitsa kwa opanga mipeni, monga Devin Thomas wa ku Nevada ndi kampani ya Damasteel ya ku Söderfors ku Sweden, imene imapanga damascus yosachita dzimbiri kuchokera ku ufa wa zitsulo. Ogulitsa oona mtima a mtundu uwu amatchula zitsulo zimene zili m'katimo ndi kutentha kozilimbitsira. Zitsulo zotchipa zimene zimagulitsidwa pa intaneti popanda dzina la chimene chili m'kati ndi zimene zimaipitsa mbiri ya damascus: mizere ilipo, koma palibe angauze wolimbitsa kuti ayatse moto wotani, ndipo zina sizilimba n'komwe.

Otsutsa kugawana ali ndi mfundo imene ndimailemekeza, ndipo imaoneka bwino m'mayeso a American Bladesmith Society. Wofuna chidindo cha ukatswiri amabwera ndi mpeni umene wausula ndi kuulimbitsa yekha. Ayenera kudula chingwe cholendewera chonenepa inchi imodzi kamodzi n'kamodzi, kudula thabwa kawiri, mpeniwo n'kumetabe ubweya wa pamkono, kenako kuupana pa vayisi n'kuupinda mpaka madigiri 90 osathyoka. Wofuna chidindo chapamwamba cha Master Smith amachita zonsezi ndi mpeni wa damascus wa zigawo zosachepera 300. Palibe kubisala kumbuyo kwa mnzako. Mfundo yake n'njakuti wosula amene sanalimbitsepo chitsulo chake sadziwa zimene moto wake umachita m'katimo, ndipo n'zoona. Koma mayeso amenewa amayesa mmisiri, ndipo mlenje amafuna mpeni. Anthu awiri amene aliyense akudziwa ntchito yonse, koma wina ali ndi nyundo ya makina wina ali ndi uvuni ndi makina a Rockwell, adzatulutsa chinthu chabwino kuposa chimene aliyense akanatulutsa payekha. Mgwirizano umene umalephera ndi wa anthu amene aliyense amadziwa theka lake lokha.

Chimene chimandipweteka ndi nkhani ya maina. Pa mpeni wotha pamadindidwa dzina la amene wautsiriza, nthawi zina ndi la wosula damascus chifukwa limakweza mtengo. La wolimbitsa silioneka kawirikawiri, chonsecho mlenje akamasenda gwape wachiwiri osanola, ntchito imene akuyamikira ndi ya munthu ameneyo. Wogula ali ndi ufulu wodziwa amene anachita gawo lililonse, ndipo ndikofunikanso kuti amisiriwo agwirizane ntchito isanayambe kuti mpeni ukabwezedwa adzayankha ndani. Wogulayo auzidwenso kuti damascus ya 1084 ndi 15N20 imachita dzimbiri, kuti magazi a nyama amaidetsa msanga, kuti imafuna kupukutidwa ndi kupakidwa mafuta, ndiponso kuti si bwino kuisunga miyezi m'chimake chachikopa chimene chimasunga chinyezi.

Mgwirizano umene unaunikira kwambiri nkhani yonseyi unali wa wootz. Al Pendray anali wosula wa ku Williston ku Florida, wozolowera nsapato za akavalo ndi mipeni. John Verhoeven anali pulofesa wa sayansi ya zitsulo ku Iowa State University. Asanabwere iwo, Michael Faraday ku London ndi Pavel Anosov ku Zlatoust anali atalimbana kale ndi chitsulo chimenechi m'zaka za m'ma 1800. Pendray ankasungunula ndi kusula, Verhoeven ankadula tizidutswa n'kutiyang'ana pa makina okulitsa zinthu, ndipo zimene wina wapeza zinkasintha zimene mnzake achite ulendo wotsatira. Anayezanso tizidutswa ta malupanga enieni akale a m'gulu limene Henri Moser anasonkhanitsa, losungidwa ku Bern ku Switzerland. Mu 1998 anafalitsa zimene anapeza: mizere ya wootz imadalira tizinthu tochepa kwambiri tosakanikirana m'chitsulo, makamaka vanadium, ngakhale wosafika n'komwe 0.01 peresenti, pamodzi ndi kutenthedwa ndi kuziziritsidwa mobwerezabwereza posula. Popanda vanadium kapena tizinthu tofanana naye, wosula akhoza kuchita zonse molondola koma mizere osatuluka. Awiriwa anaganiza kuti luso lakalelo linatha chifukwa osungunula a ku India anayamba kukumba miyala ya chitsulo m'malo ena opanda tizinthu timeneti, ndipo osula a ku Persia, amene ankangolandira timibulu tachitsulo tooneka chimodzimodzi monga kale, analibe njira yodziwira kuti m'kati mwasintha.